Koleji, NFL kapena kukhala wothandizira: njira zimene kochi wa mpira wa ku America amasankhapo

Mu Disembala 2006 atolankhani a ku Miami anamupanikiza kochi Nick Saban ndi funso limodzi, loti kodi n'zoona kuti akufuna kusiya timu ya Miami Dolphins ya mu NFL, ligi ya akatswiri, kupita ku yunivesite ya Alabama. Iye anakanitsitsa. Pasanathe masabata awiri, anali atakwera ndege kupita ku Tuscaloosa kukayamba ntchito yomweyo imene ankaikana. Anthu a ku Miami anamukwiyira kwa zaka zambiri, ndipo pa nkhani ya bodzalo sindingamuikire kumbuyo. Koma chimene chinamuchotsa ku Miami ndicho ndikufuna tichione bwino, chifukwa n'chimene kochi aliyense wa masewerawa amalimbana nacho akafika pamphambano. Munthu amene anali atatenga kale chikho cha dziko lonse ndi yunivesite ya LSU mu 2003, anapambana masewero 15 okha n'kugonja 17 m'zaka ziwiri za mu NFL. Atabwerera ku koleji anatenga zikho zina 6. Nzeru zake zinali zomwezo, ukali wake unali womwewo. Chinasintha ndi malo.

Mpira umene tikukamba pano si wamiyendo uja timaudziwa tonsefe. Ndi uja wooneka ngati dzira, umene osewera ake amavala zipewa zolimba ndi zotchinga m'mapewa. Ku America masewerawa ali ndi maufumu awiri. Wina ndi NFL, ligi ya akatswiri olipidwa, ya matimu 32. Wina ndi wa makoleji ndi mayunivesite, umene m'gulu lake lapamwamba lokha muli matimu oposa 130. Musaganize kuti ya koleji ndi ligi ya ana. Bwalo la yunivesite ya Michigan limalowa anthu oposa 107,000, kuposa bwalo lililonse la timu ya NFL, ndipo m'zigawo zambiri za dzikolo wogwira ntchito ya boma amene amalandira ndalama zambiri kuposa onse ndi kochi wa mpira wa pa yunivesite ya boma. Choncho kochi akamasankha pakati pa ziwirizi, sakusankha pakati pa ntchito yaikulu ndi yaing'ono. Akusankha pakati pa ntchito ziwiri zosiyana zimene zangofanana dzina.

Kukhala mfumu pa koleji yaikulu

Ubwino wa njira iyi wagona pa mfundo imodzi: kochi amadzisankhira yekha osewera, ndipo akamapambana m'pamene osewera abwino amamuthamangira kwambiri. Ntchito yeniyeni imachitikira pabalaza la m'nyumba za anthu. Kochi amapita kwawo kwa mnyamata wa zaka 17 amene akumaliza sekondale, kukhala pansi ndi amayi ake ndi abambo ake, kudya nawo, n'kuwatsimikizira kuti mwana wawo akaphunzira, akasamalidwa, ndipo akadzakhwima adzafika mu NFL. Amene ali ndi pakamwa pokoma komanso mbiri ya zikho amatuta anyamata abwino chaka ndi chaka. Saban anachita zimenezi ku Alabama mpaka zinafika poti wosewera wokhala pa benchi kumeneko akanatha kuyamba masewero pa timu ina iliyonse. Anafika mu 2007, ndipo pofika 2009 timuyo inapambana masewero onse 14 n'kutenga chikho. Zina zinabwera mu 2011, 2012, 2015, 2017 ndi 2020.

Kochi wa pa koleji alibe mwini timu amene amamuuza kuti wosewera uyu tamugula, umuseweretse. Ali ndi mkulu wa zamasewera wa pa sukulupo komanso anthu olemera amene anaphunzira pamenepo, amene amathira ndalama n'kumayembekezera zikho, koma ngati timu ikupambana onsewa amakhala chete. Ndalama nazo si zochepa. Mu 2024 yunivesite ya Georgia inagwirizana ndi Kirby Smart kuti azilandira madola 13 miliyoni pa chaka. Ngakhale kuchotsedwa kumene kumalemeretsa: mu Novembala 2023 yunivesite ya Texas A&M inachotsa Jimbo Fisher ili ndi ngongole kwa iye ya madola oposa 75 miliyoni.

Koma walira mvula walira matope. Kusaka osewera kulibe tchuthi. Sizoni ikangotha kochi amakhala pa msewu, ndipo foni yake siizima chifukwa mnyamata amene walonjeza lero akhoza kusintha maganizo mawa. Wosewera wabwino amakhala naye zaka zitatu kapena zinayi basi, kenako n'kuyambiranso kuphunzitsa wina. Malamulo a bungwe la NCAA, loyang'anira masewera a m'makoleji, amati ophunzira asapitirire maola 20 pa sabata pa zamasewera, motero nzeru zozama kwambiri za kaseweredwe sizipeza nthawi yokwanira yoti zilowe m'mutu mwa ana. Ndipo malamulowo amaluma. Kochi Pete Carroll atangochoka ku yunivesite ya USC mu 2010, sukuluyo inalangidwa chifukwa cha mphatso zimene wosewera Reggie Bush ndi banja lake analandira, mpaka kulandidwa chimodzi mwa zikho zimene Carroll anatenga, cha 2004. Jim Harbaugh, m'chaka chomwe anatenga chikho ndi Michigan, anaimitsidwa kawiri, masewero 6 onse pamodzi.

Chachikulu n'chakuti ufumu uja wayamba kugwedezeka. Kuyambira Julayi 2021 osewera a pa koleji amaloledwa kupanga ndalama ndi dzina lawo, ndipo malamulo osamukira sukulu ina anafewetsedwa kwambiri. Kuyambira 2025 sukulu zenizenizo zimaloledwa kugawira osewera ndalama, pafupifupi madola 20.5 miliyoni pa chaka pa masewera onse a pa sukulupo. Ine ndimaona kuti zimenezi n'zachilungamo, chifukwa anyamatawa ndi amene amathyoka mawondo pamene makochi ndi mawayilesi akanema akulemera. Koma kwa kochi zikutanthauza kuti chaka chilichonse ayenera kunyengereranso osewera ake omwe kuti asachoke. Saban anapuma ntchito mu Januwale 2024, ndipo sanabise kuti kusinthaku kunali mbali ya zimene zinamutopetsa.

NFL, kumene wopambana amasankha pomaliza

Ligi ya NFL inakonzedwa dala kuti pasakhale timu yolamulira mpaka kalekale. Palibe kutsika ligi ngati mmene zimakhalira mu mpira wamiyendo. M'malo mwake, chaka chilichonse pamakhala draft, mwambo wogawana osewera ochokera m'makoleji, ndipo timu imene yachita moipa kwambiri ndi imene imayamba kusankha. Yotenga chikho imasankha pomaliza. Palinso malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse 53, ndipo mu 2025 malirewo anali madola pafupifupi 279 miliyoni pa timu iliyonse, yolemera ndi yosauka chimodzimodzi. Ukakhala ndi akatswiri ambiri, sungathe kuwalipira onse, ena amachoka.

Apa m'pamene Saban anapunthwa. Mu 2006 Dolphins inkafuna quarterback, wosewera amene amaponya mpira ndi kutsogolera mbali yowukira, amene popanda iye timu ya NFL siyenda. Panali awiri: Drew Brees amene anali atavulala phewa, ndi Daunte Culpepper amene anali atavulala bondo. Madokotala a timuyo anakayikira phewa la Brees, ndipo Miami inatenga Culpepper, amene anangosewera masewero anayi chaka chimenecho. Brees anapita ku New Orleans Saints n'kukatenga nayo Super Bowl, chikho chachikulu cha NFL, cha sizoni ya 2009. Ku koleji, kochi akalakwitsa posankha quarterback amakhala ali ndi ena awiri kapena atatu abwino amene akudikira. Mu NFL kulakwitsa kamodzi kotere kumadya zaka.

Nanga anthu amaifuniranji? Chifukwa kumeneko kuli mpira wokhawokha. Palibe kuyendera makolo, palibe kufufuza ngati mwana walowa m'kalasi. Osewera ndi akuluakulu, mpira ndiye ntchito yawo, ndipo kochi wokonda kukhala usiku wonse akuonera mavidiyo a adani ake amapeza anthu oti amvetse zimene watulukira. Matimu amasiyana pang'ono kwambiri mphamvu, choncho nzeru za kochi zimaonekera Lamlungu lililonse. Sizoni ndi ya masewero 17, ndipo ikatha munthu amapumako ndithu. Koma osewerawo ena amalandira ndalama zoposa za kochi, ali ndi bungwe lowayimira, ndipo sungawaopseze ngati ana. Pamwamba pa kochi pali manijala wamkulu amene nthawi zambiri ndiye amasankha osewera, ndipo pamwamba pa onse pali mwini timu. Tsiku lotsatira masewero omaliza a sizoni anthu analitcha Black Monday, chifukwa ndi tsiku limene makochi angapo amauzidwa kuti alongedze. Matimu odekha ngati Pittsburgh Steelers, imene kuyambira 1969 inatha zaka zoposa 50 ili ndi makochi atatu okha, Chuck Noll, Bill Cowher ndi Mike Tomlin, ndi osowa kwambiri.

Kuwoloka mtsinje

Njira imene imakopa kwambiri, komanso imene yagwetsa ambiri, ndi yochoka ku koleji uli pachimake kupita ku NFL. Mndandanda wa ogwa ndi wautali, ndipo onse anali akatswiri enieni. Lou Holtz anapita ku New York Jets mu 1976, n'kutula pansi udindo sizoni isanathe atapambana masewero atatu okha. Patapita zaka 12 anatenga chikho ndi Notre Dame. Steve Spurrier, amene anatenga chikho ndi Florida mu 1996, anapatsidwa kontrakiti ya zaka zisanu ya madola 25 miliyoni ku timu ya NFL ya Washington, koma anangokhalako 2002 ndi 2003, kupambana 12 n'kugonja 20. Bobby Petrino anasiya Atlanta Falcons mu 2007 patangotha masewero 13, n'kutsanzika osewera ake ndi kakalata kosiya m'chipinda chosinthira zovala. Matt Rhule, amene anadzutsa matimu a Temple ndi Baylor, analandira kontrakiti ya zaka 7 ya madola 62 miliyoni ku Carolina Panthers mu 2020, ndipo anachotsedwa mu Okutobala 2022 atapambana 11 n'kugonja 27.

Kugwa kowawa kwambiri kunali kwa Urban Meyer. Anali ndi zikho zitatu, ziwiri ndi Florida mu 2006 ndi 2008, china ndi Ohio State mu 2014. Ku Jacksonville Jaguars mu 2021 anapambana masewero awiri mwa 13, ndipo anachotsedwa sizoni ili mkati, pakati pa madandaulo a mmene ankachitira ndi osewera komanso othandizira ake. Kwa ine nkhani yake imaonetsa poyera chimene chimavuta. Ku koleji mantha amagwira ntchito, chifukwa tsogolo lonse la mnyamata lili m'manja mwa kochi. Bambo wa zaka 30 amene ali ndi kontrakiti yake, mkazi ndi ana, amamvera kochi pokhapokha ataona kuti zimene akuuzidwazo zimuthandiza kusewera bwino.

Amene anatenga chikho cha makoleji komanso Super Bowl ndi atatu okha: Jimmy Johnson, Barry Switzer ndi Pete Carroll. Ndi bwino kuona chimene anali nacho chomwe enawo analibe. Johnson anachoka ku yunivesite ya Miami, kumene anatenga chikho mu 1987, kupita ku Dallas Cowboys mu 1989. Mwini timu watsopano, Jerry Jones, anali mnzake amene anasewera naye ku Arkansas, ndipo anamupatsa mpata waukulu wosankha osewera. Chaka choyamba anapambana masewero amodzi okha n'kugonja 15. Koma chaka chomwecho anagulitsa katswiri wake Herschel Walker ku Minnesota Vikings posinthanitsa ndi mwayi wambiri wosankha pa draft, ndipo popeza anyamata a m'makoleji ankawadziwa bwino kuposa anzake a mu NFL, anamanga timu ya Troy Aikman ndi Emmitt Smith imene inatenga Super Bowl ya sizoni ya 1992 ndi ya 1993. Kenako iye ndi Jones anakangana pa nkhani yoti ulemu wa zikhozo ukhale wa ndani, ndipo Johnson anachoka mu Malichi 1994. Switzer, amene anali ndi zikho zitatu za ku Oklahoma, anapeza mphika utapsa kale, n'kutenga chikho cha sizoni ya 1995 ndi osewera omwewo.

Carroll ndiye amene ndimamuona ngati chitsanzo chenicheni, chifukwa sanapite ku NFL ngati mlendo. Anali atakhalako zaka zambiri ngati wothandizira, n'kuchotsedwa kawiri pa udindo waukulu: ku Jets atangogwira chaka chimodzi cha 1994, ndi ku New England Patriots itatha sizoni ya 1999. Pamene USC inkamutenga, masapota ambiri sanamufune. Kumeneko n'kumene anapeza kaphunzitsidwe kakekake, ka chisangalalo ndi mpikisano pa malo aliwonse a mu timu. Atabwerera ku NFL mu 2010 ndi Seattle Seahawks, anaonetsetsa kuti mawu omaliza pa nkhani ya osewera akhale ake, akugwira ntchito limodzi ndi manijala John Schneider. Anatola Richard Sherman mu gawo lachisanu la draft ya 2011 ndi quarterback Russell Wilson mu gawo lachitatu la ya 2012, anyamata amene matimu ena anawalambalala. Mu Febuluwale 2014 anaswa Denver Broncos 43 kwa 8 mu Super Bowl.

Jim Harbaugh wawoloka mtsinjewu katatu ndipo sanamire, koma nayenso anali mwana wa m'nyumba: anasewera ngati quarterback mu NFL zaka zoposa 10. Atachoka ku Stanford mu 2011 anafikitsa San Francisco 49ers mu Super Bowl ya Febuluwale 2013, kumene anagonja 34 kwa 31 kwa Baltimore Ravens imene ankaiphunzitsa mkulu wake John. M'zaka zinayi anapambana 44, kugonja 19, kufanana mphamvu kamodzi. Ngakhale zinali choncho, kusamvana ndi akuluakulu a timu kunamuchotsa kumapeto kwa 2014. Anapita ku Michigan, sukulu imene anaphunzirako, n'kutenga chikho mu Januwale 2024 atapambana masewero onse 15, ndipo mwezi womwewo anabwerera ku NFL ndi Los Angeles Chargers, timu imene inali kale ndi quarterback wabwino, Justin Herbert. Sindikukayika kuti dzina limenelo analiyang'ana asanasaine.

Mukaika pamodzi nkhani zonsezi, zinthu zitatu zimabwerabwera: kuidziwa kale NFL, kukhala ndi mawu posankha osewera, ndi kupeza quarterback. Johnson analibe choyambacho koma anali ndi ziwiri zinazo. Carroll anali nazo zonse. Meyer anali ndi quarterback wosankhidwa poyamba pa draft, Trevor Lawrence, koma NFL sankaidziwa n'komwe. Amene alibe ngakhale ziwiri mwa zitatuzi ndingamuuze kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, akhale pomwe ali.

Kukhala wachiwiri mwa kufuna

Kochi aliyense amayambira pansi, ndipo pansipo m'powawa. Bill Belichick, amene anadzatchuka ngati kochi wa Patriots, anayamba mu 1975 ku Baltimore Colts akulandira madola 25 pa sabata. Saban anayambira ku Kent State, kenako Syracuse, West Virginia, Ohio State kumene anachotsedwa, Navy, Michigan State, Houston Oilers, zonsezi asanakhale kochi wamkulu ku Toledo mu 1990. Tangoganizani mkazi ndi ana akulongedza katundu pafupifupi zaka ziwiri zilizonse. Ku Navy n'kumene anagwira ntchito ndi bambo ake a Belichick, ndipo ubale umenewo ndi umene unadzamufikitsa ku Cleveland Browns, imene Belichick ankaiphunzitsa, mu 1991 ngati woyang'anira mbali yotchinga. M'ntchito iyi, amene unakhala naye m'chipinda chimodzi choonera mavidiyo ndi amene amadzakuitana.

Ambiri amaona udindo wa wothandizira ngati makwerero chabe. Ine ndimauona ngati njira payokha, ndipo mwina ndi imene imamusiyira munthu mpira wambiri m'manja. Kochi wamkulu amatha tsiku akuyankha atolankhani, kuweruza milandu ya osewera ndi kukhala m'misonkhano ya eni timu. Woyang'anira mbali yowukira kapena yotchinga ndi amene amajambula kaseweredwe ndi kuitana zoti zichitike pa bwalo. Dick LeBeau atapatsidwa Cincinnati Bengals kuyambira 2000 mpaka 2002 anapambana 12 n'kugonja 33. Atabwerera pa udindo woyang'anira otchinga a Steelers mu 2004, anathandiza timuyo kutenga Super Bowl kawiri, ndipo osewera ake ankamukonda ngati bambo wawo. Munthu ameneyu anakhala mu NFL zaka 59, kuphatikiza zimene ankasewera. Ndani anganene kuti analephera?

Chimene chandichititsa kuiganizira kwambiri njirayi ndi zimene zinachitika kumayambiriro kwa 2024. Jeff Hafley anasiya ukochi waukulu ku Boston College kukakhala woyang'anira otchinga a Green Bay Packers. Chip Kelly, amene anatchuka ku Oregon, n'kuyesa NFL ndi Philadelphia Eagles komanso 49ers kumene anapambana masewero awiri okha mu 2016, anasiya ukochi waukulu ku UCLA kukakhala wothandizira ku Ohio State, ndipo anatenga nayo chikho mu Januwale 2025. Kale munthu sakanasiya mpando wa ufumu mwa kufuna kwake kukakhala nduna. Anthu awiriwa anaona kuti mpandowo wasanduka ntchito yosaka ndalama ndi kunyengerera osewera, pamene iwo ankafuna kuphunzitsa mpira. Kuipa kwa njirayi n'kwakuti moyo wako umamangiriridwa kwa bwana wako. Iye akachotsedwa, nthawi zambiri gulu lonse limapita naye, ngakhale mbali yako itachita bwino.

Njirayi ndi imenenso masiku ano imafikitsa munthu msanga pa mpando waukulu wa NFL. Sean McVay sanakhalepo kochi wamkulu pa koleji iliyonse. Anakulira m'maofesi a NFL, ndipo Los Angeles Rams inamutenga mu 2017 ali ndi zaka 30. Anatenga Super Bowl mu Febuluwale 2022 ali ndi zaka 36. Komabe khomo limeneli silitsegukira onse mofanana. M'ligi imene osewera ambiri ndi akuda, makochi aakulu akuda akhala ochepa kwambiri, mpaka mu 2003 NFL inakhazikitsa lamulo lotchedwa Rooney Rule lokakamiza matimu kuti aziyesanso anthu a mitundu ina pofuna kochi. Tony Dungy anakhala kochi wamkulu wakuda woyamba kutenga Super Bowl mu Febuluwale 2007, ndipo Tomlin anatsatira patapita zaka ziwiri. Wothandizira wakuda amene akuyesa njirazi ayenera kudziwa kuti kudikira kwake kungatalike kuposa kwa mnzake.

Kukhazikika pa sukulu yaing'ono

Pali njira ina imene siituluka kawirikawiri pa kanema. Eddie Robinson anaphunzitsa timu ya Grambling, koleji ya anthu akuda ku Louisiana, kuyambira 1941 mpaka 1997, n'kupambana masewero 408. Anayamba nthawi ya tsankho, pamene mayunivesite aakulu a kummwera sankalandira osewera akuda, ndiye sitinganene kuti anali ndi njira zambiri zosankhapo. Koma zimene anamanga pamalopo n'zazikulu: osewera ake oposa 200 anafika m'maligi a akatswiri, kuphatikizapo Doug Williams, quarterback wakuda woyamba kutenga Super Bowl mu Januwale 1988. John Gagliardi anakhala pa Saint John's ku Minnesota kuyambira 1953 mpaka 2012, ndipo masewero 489 amene anapambana pa moyo wake ndi ochuluka kuposa a kochi wina aliyense wa mpira wa makoleji. Sankagwiritsa ntchito wezulo, sankalola osewera kugwetsana pokonzekera masewero, ndipo ankafuna kuti azingomutchula kuti John. Ndalama za kumeneku sizifika ngakhale pafupi ndi za Alabama, ndipo dzina lako silidziwika kutali. Koma ana ako amakulira m'nyumba imodzi, ndipo umadzaphunzitsa ana a anthu amene unawaphunzitsa.

Mnyamata woyamba ntchitoyi atandifunsa lero, ndingayambe n'kumufunsa chimene amachita bwino kwambiri. Ngati mphatso yake ndi yokopa anthu, kulowa m'nyumba ya eni ake n'kutulukamo atamukhulupirira, koleji yaikulu idakali malo ake, bola avomereze kuti tsopano azikambirananso za ndalama ndi mnyamata wa zaka 18 ndi womuyimira wake. Ngati mphatso yake ili pa bolodi ndi pa mavidiyo, alowe mu NFL ali wamng'ono, ngakhale pa malipiro ochepa, akwere pang'onopang'ono, ndipo asachite manyazi kukhala wachiwiri moyo wake wonse. Ineyo mtima wanga uli ku njira yachiwiriyi, chifukwa mwayi waukulu umene koleji inali nawo, woti kochi azidzikundikira osewera n'kuwasunga, ukutha chaka ndi chaka, pamene mavuto ake akuwonjezeka. Munthu wophunzira NFL ali wamng'ono angathe kudzapita ku koleji n'kubwerera ngati Carroll ndi Harbaugh. Wokalambira pa koleji yekhayekha amapeza mtsinje uja utadzaza.

Ngakhale kuwolokera mbali inayo si kwapafupi monga ena amaganizira. Belichick, amene anatenga Super Bowl kasanu ndi kamodzi ndi Patriots, atasiyana ndi timuyo mu Januwale 2024 sanapeze timu ina ya NFL yomutenga. Mu Disembala chaka chomwecho, ali ndi zaka 72, anavomera ntchito ku yunivesite ya North Carolina, koyamba m'moyo wake kuphunzitsa pa koleji. Anayenera kumanga timu mofulumira ndi osewera ambiri osamuka m'masukulu ena, ndipo sizoni yake yoyamba ya 2025 anapambana masewero anayi n'kugonja 8.